Imfa ya Bishopu Mackenzie tiziifotokoza yonse, osangoti "malungo"

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa nkhani ya Bishopu Charles Mackenzie, amene anadzakhala ku Magomero, kufupi ndi Namadzi kumalire a Zomba ndi Chiradzulu, mu 1861. Tsiku la 31 Januwale, limene anamwalira, likamayandikira dzina lawo limamveka m'maulaliki ndi m'makalasi, koma kawirikawiri nkhaniyo imangothera poti anadzalimbana ndi ukapolo ndipo anamwalira ndi malungo. Palibe bodza pamenepo. Vuto ndi loti miyezi 6 imene anakhala kuno imadumphidwa, chonsecho zambiri zinachitikira m'munsi mwa phiri lathu la Zomba lomweli, ndipo amene anaona zakuda kwambiri anali anthu akuda a m'midzi ya kuno.

Zoti a Mackenzie anali munthu woopa Mulungu sitikutsutsa ngakhale pang'ono. Anabadwira ku Scotland mu 1825, anaphunzira masamu ku Cambridge ndipo mu 1848 anakhala wachiwiri pa mayeso a masamu pa yunivesite yonseyo. Akanatha kukhala pabwino moyo wawo wonse, koma mu 1855 anapita kukatumikira ku Natal. David Livingstone atapempha ku Cambridge mu Disembala 1857 kuti kubwere amishoni kuno, bungwe la mishoni la mpingo wa Angilikani lotchedwa UMCA (Universities' Mission to Central Africa) linasankha iwowa, ndipo anadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861. Pokwera mtunda kuchokera ku Shire ankayenda wapansi, ndodo ya ubishopu dzanja ili, mfuti dzanja linali, thumba la mbewu kumsana. Atafika ku Magomero ankadula mitengo ndi kumanga nyumba ndi manja awo, mapemphero a m'mawa ndi madzulo osaphonya. Ngakhale anali ndi omasulira ochokera ku Cape Town, anadziletsa kuphunzitsa za chikhulupiriro mwachisawawa asanachidziwe bwino Chimang'anja, poopa kusokoneza anthu ndi mawu opotoka. Khalidwe limeneli ndi loyenera kulitamanda.

Nanga zinalakwika pati?

Sitima ya Livingstone yotchedwa Pioneer inali yolowa kwambiri m'madzi, choncho inkangotitimira mumchenga wa Shire, ndipo anafika kwa Chibisa, ku Chikwawa, mu Julayi. Pa 16 Julayi, ali m'mudzi wa Mbame, anakumana ndi mdipiti wa akapolo. Ogwira akapolowo anathawa, ndipo anthu 84, ambiri amayi ndi ana, anamasulidwa, magoli akudulidwa ndi macheka m'khosi mwa amuna. Anthuwa analibe kobwerera, ndipo anaperekedwa m'manja mwa bishopu. Ena anawonjezereka m'masabata otsatira. Amishoni amene anabwera kudzaphunzira chiyankhulo pang'onopang'ono anapezeka ali ndi mudzi wa anthu oposa 100 oti adyetsedwe tsiku ndi tsiku, alibe munda, alibe nkhokwe, nyengo yokolola itadutsa kale.

Mfumu Chigunda ndi imene inawapatsa malo. Malowo anali pokhota mtsinje, madzi atazungulira mbali zitatu, kotero kuti kunangofunika linga la mitengo mbali imodzi. Pa nkhondo, malo otere ndi abwino zedi. Pa umoyo ndi msampha. Anali malo otsika, anthu anathithikana, zimbudzi zokwanira panalibe, ndipo mtsinje womwewo ndi umene ankamwa, kusambamo ndi kuchapamo. M'chilimwe vutoli silinaoneke kwenikweni chifukwa zonyansa zinkauma ndi dzuwa. Mvula itayamba, madzi anakokolola zonsezo n'kuzitsira mumtsinje, ndipo kamwazi anabuka. Munthu wodya bwino amatha kulimbana ndi kamwazi, koma mwana amene wayenda mtunda wautali ali womangidwa, kenako n'kumadya kamodzi patsiku, sachedwa kutha madzi m'thupi. Chakudya ankagula ndi nsalu ndi mikanda, ndipo pamene miyezi ya njala inkayandikira, midzi yoyandikana inalibe chogulitsa. Nsalu nazo zinkatha. Ana ndi amayi a pa Magomero anayamba kufa bishopu asanamwalire, ndipo anapitiriza kufa iwo atapita. Imfa zimenezi sizitchulidwa pa mwambo uliwonse wokumbukira.

Chinthu china chimene alaliki ambiri amachilambalala ndi nkhondo. Mafumu a Chimang'anja anabwera kudzapempha kuti azungu awathandize ndi mfuti kuthamangitsa Ayao, ndipo a Mackenzie anavomera. Mu Ogasiti 1861, ndiponso mu Okutobala, anatsogolera anthu kukathira nkhondo ndi kutentha misasa ya Ayao cha kuno ku Zomba. Iwo ankakhulupirira kuti akuteteza ofooka, ndipo anauza mafumuwo kuti alonjeze kusagulitsanso anthu. Koma anali asanamvetse mmene zinthu zinalili. Ayao ambiri anali othawa nkhondo ndi njala kuchokera kum'mawa, akufuna malo okhala pamodzi ndi akazi ndi ana awo. Pakati pa Amang'anja panalinso ogulitsa anthu. Amishoni anzawo a bishopu anadzavomereza okha zimenezi pambuyo pake. Kutentha nkhokwe ndi minda kunawonjezera njala m'dera lonse, ndipo mishoni inasanduka mbali imodzi ya mkangano. Mphunzitsi amene amauza ana kuti mtundu wina unali woipa, wina wabwino, akunamiza ana amene lero amakhala pa desiki imodzi ku Thondwe, ku Jali kapena ku Domasi, ena mayi Myao bambo Mmang'anja.

Ulendo wawo womaliza tiufotokoze mwatsatanetsatane, chifukwa ndi pamene pali phata la nkhaniyi. Anagwirizana ndi Livingstone kuti akakumane pa 1 Januwale 1862 pamene Ruo amathira mu Shire, kufupi ndi Chiromo, poti kunkabwera katundu pamodzi ndi mlongo wawo, Anne Mackenzie, ndi mkazi wa mbusa wachinyamata Henry Burrup. Mu Disembala anatuma abusa awiri, Procter ndi Scudamore, kukafufuza njira ya pamtunda yodzera cha ku Mulanje. Awiriwa anachitidwa chipongwe m'mudzi wina, katundu analandidwa, onyamula katundu ena anagwidwa. Bishopu anaona kuti sangalekerere, anapita kukatentha mudziwo kumapeto kwa Disembala. Masiku anathera pamenepo. Pofuna kupitirira ku Ruo anapeza mitsinje itadzaza, anabwerera ku Magomero atanyowa, atatopa, m'mimba mutayamba kale kuvuta.

Munthu wotero amafunika kupuma. Iwo ananyamukanso kumayambiriro kwa Januwale pamodzi ndi a Burrup, amenenso sanali bwino, dokotala wa mishoni atatsala ku Magomero. Anatsikira kwa Chibisa, n'kukwera bwato ndi opalasa Amakololo, anthu amene anabwera kuno ndi Livingstone. Anadutsa dambo la Elephant Marsh pakati pa dzinja, pamene udzudzu umachita kuphimba munthu. Ndiye usiku wina bwato linagubuduzika. Palibe anamira, koma mankhwala onse anapita ndi madzi, kuphatikizapo kwinini, mankhwala a malungo. Atafika pa chilumba cha Malo, pamene anagwirizana kukumana paja, anamva kuti Livingstone, amenenso anachedwa chifukwa sitima inatitimira mumchenga masabata angapo, wadutsa masiku ochepa apitawo kulowera kunyanja.

Apa panali njira ziwiri zopulumukira: kubwerera kumtunda kukatenga mankhwala, kapena kutsika ndi mtsinje kulondola sitima. Anasankha kukhala pachilumbapo kudikira, akuganiza kuti nthawiyo aigwiritse ntchito popalana ubwenzi ndi mfumu ya pamenepo kuti padzakhale malo a mishoni. Cholinga chinali chabwino, koma thupi linali litalumidwa kale. Malungo amaonekera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu atalumidwa ndi udzudzu, ndipo ndi mmene zinachitikira. Masiku amenewo palibe ankadziwa kuti udzudzu ndiwo umafalitsa matendawa. Ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo, ndipo zoona zake zinadzatulukira mu 1897 ndi Ronald Ross. Komabe mphamvu ya kwinini ankaidziwa bwino lomwe, Livingstone anali atawalangiza za mankhwalawa. Atadwala opanda kwinini, thupi lofooka kale ndi kutsegula m'mimba, malungo anakwera kumutu. Sabata yomaliza sankazindikiranso bwino, ndipo anamwalira pa 31 Januwale 1862 ali ndi zaka 36.

Eni chilumba sanafune kuti mlendo aikidwe pamenepo, choncho thupi linawolotsedwa kumtunda. Amakololo anakumba manda, ndipo a Burrup, ali dzandidzandi ndi malungo, ananena mawu a mwambo wa maliro kunja kukuda. Amakololo omwewo ndi amene anawanyamula a Burrup kubwerera nawo ku Magomero, kumene anamwalira pa 22 Febuluwale. Amayi awiri aja anamva za imfazi ali kale pa mtsinje, akubwera kudzakumana nawo.

Zotsatira zake zinali zachangu. Miyezi ingapo chabe amishoni otsala anasamukira kwa Chibisa, kumene chilala ndi njala ya 1862 mpaka 1863 zinapulula anthu a m'chigwa cha Shire. A Scudamore ndi Dokotala Dickinson anamwalira komweko mu 1863. Bishopu Tozer, amene analowa m'malo mwa a Mackenzie, anasamutsira ntchito ku Zanzibar mu 1864, ndipo Aangilikani anadzakhazikika pa Likoma mu 1885. Mwa ana amene anamasulidwa mu 1861 munali Chuma, amene anadzakhala mmodzi mwa otsogolera ulendo wonyamula thupi la Livingstone kupita kugombe la nyanja atamwalira mu 1873. Ana athu ambiri amamudziwa Chuma koma sadziwa kuti anakhalapo pa Magomero.

Pempho lathu likupita kwa akuluakulu a mpingo, a nthambi yoona za zinthu zakale ndi aphunzitsi a mbiri. Pa Magomero pakhale chikwangwani cha Chichewa, cholembedwa pa chitsulo kapena mwala osati thabwa limene chiswe ndi mvula zimamaliza m'zaka zochepa. Chitchule Mfumu Chigunda, anthu 84 a kwa Mbame, Amakololo opalasa bwato, ndi amayi ndi ana amene anafa ndi kamwazi, pambali pa mayina a azungu. Ophunzira akamapita kumeneko asamangojambulitsa pa mtanda. Atsike kumtsinje, aone mmene madzi akhotera, afunsidwe kuti chimbudzi akanachikumba pati ndipo madzi akumwa akanatunga kuti. Phunziro la mbiri ndi la zaumoyo zimakumana pamalo amenewo.

Chinanso ndi chofulumira. Pafupifupi zonse zimene tafotokozazi zinachokera m'makalata ndi m'mabuku a amishoni eni ake. Mawu a eni dera sanalembedwe ndi iwo eni, ndipo zikalata zambiri zakale za boma zinapsa pa moto wa ku likulu kuno ku Zomba mu 1919. Zimene zatsala zili m'mitu ya agogo a m'midzi yozungulira Namadzi ndi m'mibadwo ya maufumu. Kuzitolera sikufuna ndalama zambiri, koma kumafuna dongosolo. Yambani mwaonekera kwa mfumu, osangotulukira ndi foni m'manja. Funsani munthu mmodzi payekha, chifukwa pagulu wolankhula kwambiri amaphimba anzake ndipo amayi achikulire, amene nthawi zambiri amasunga mzere wa mbumba, amangokhala chete. Musamufotokozere kaye nkhani ya m'buku, apo ayi adzakubwezerani yomweyo. Mufunseni mayina a makolo, kumene anachokera, dzina lakale la mtsinje ndi la dambo, ndiponso amene anamuuza zimenezo. Lembani tsiku, mudzi ndi zaka za wofotokozayo. Mawu ojambulidwa asakhale mufoni imodzi yokha, poti foni imatayika kapena kufa. Alembedwe papepala m'chiyankhulo chimene anayankhulidwa, kaya Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe, ndipo kope limodzi likaperekedwe ku National Archives kuno ku Zomba, lina litsale kwa mfumu ya mudziwo.

Ndife,
Aphunzitsi a mbiri opuma pa ntchito,
Zomba