Kwa eni shopu yokonza makompyuta mu tauni ya Zomba: bwezani K55,000 yanga

Bwana, ndalemba pano chifukwa foni yanga simukuyankha, ndipo mauthenga anga pa WhatsApp mukungowerenga n'kusiya. Dzina la shopu yanu sindinalitchule, koma mukudzidziwa. Abale a kuno ku Zomba, mumve nawo.

Ine ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Songani, ndipo kumapeto kwa sabata ndimaphunzira za makompyuta. Cha pakati pa mwezi watha laputopu yanga inayamba kuchedwa, ndiye ndinabwera nayo kwa inu. Mnyamata wanu uja amakhala pakauntala anati ikufunika kufomata n'kuikamo Windows 10 yatsopano. Ndinalipira K40,000, risiti ndili nayo.

Nditafika kunyumba ndinafuna kuikamo Java, JDK 17, pulogalamu yolembera mapulogalamu a pakompyuta, imene aphunzitsi athu anatiuza kuti tigwiritse ntchito pa asayimenti. Kungodina failo, kompyuta inakana, n'kulemba kuti "This app can't run on your PC". Ndinaganiza kuti failo yaduka panjira chifukwa cha netiweki, ndinadawunilodanso, kenako kachitatu. Bandulo ya K6,500 inathera pomwepo.

Sabata yomweyo ndinakweranso minibasi. Mnyamata wanuyo sanawerenge n'komwe uthengawo, maso ali pa foni yake. Anangoti, "Masteni, imeneyo ndi vairasi." Vairasi pa kompyuta yoti yangofomatidwa kumene ndi manja ake omwe? Koma poti iye ndiye amati amadziwa, ndinatulutsanso K15,000 ya antivirus. Kunyumba, uthenga womwewo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi.

Ulendo wachitatu ndi umene wandilembetsa zonsezi. Ndinadikira pabenchi panu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo, anthu obwera pambuyo panga akuthandizidwa ine ndikuyang'ana. Atandiitana, anakankhira laputopu kwa ine n'kunena mokweza kuti, "Masteni, kompyuta yanuyi yakalamba, gulani ina, tili nazo pano. Komanso za Java zi si zanu, inu muzingotaipa ma Word." Anyamata awiri amene anali pamenepo anaseka. Bwana, ine ndili ndi ana a msinkhu wa mnyamata ameneyu. Ana ngati iyeyo ndawaphunzitsa kugwira pensulo. Ndinatuluka m'shopu mwanu misozi ili m'maso, ndinayenda mpaka kudepoti osaona n'komwe amene akundipatsa moni. Kodi kunyumba kwawo amayankhula chonchi ndi amayi ake?

Tsopano mvetserani vuto lenileni, limene mwana wa achemwali anga, wophunzira ku Chirunga, analipeza asanamalize n'komwe kapu ya tiyi. Anatsegula Settings, kenako System, kenako About. Pamzere wa System type panalembedwa kuti "32-bit operating system, x64-based processor". Kutanthauza kuti purosesa ya laputopu yanga ndi ya 64-bit, ilibe vuto lililonse, koma mnyamata wanu anaikamo Windows ya 32-bit. Windows ya 64-bit imatha kuyendetsa mapulogalamu ambiri a 32-bit, koma ya 32-bit singayendetse pulogalamu ya 64-bit, zivute zitani. Ndipo Oracle, kampani yopanga Java, inasiya kutulutsa Java ya Windows ya 32-bit pambuyo pa Java 8. JDK 17 imene ndinadawuniloda ndi ya x64, ndiye kuti ya 64-bit. Ndiye ndikanadawuniloda ngakhale kakhumi, ikanakanabe. Panalibe vairasi. Kompyuta sinakalambe. Amene anaiwononga ndi amene ndinamulipira kuti aikonze.

Anandionetsanso china pamalo pomwepo. Laputopu yanga ili ndi RAM (memore yoyendetsera mapulogalamu) ya 8GB, koma ikugwiritsa ntchito yongopitirira pang'ono 3GB, chifukwa Windows ya 32-bit siitha kupyola 4GB. Ndiye kuti ndinabwera kudzadandaula kuti kompyuta ikuchedwa, inu n'kuidula mphamvu yoposa theka, n'kulandirapo ndalama.

Choipa china n'chakuti palibe update yosamutsa Windows kuchoka pa 32-bit kupita pa 64-bit. Pafunika kufufuta zonse n'kuikanso mwatsopano, ndiye kuti ndisamutsenso manotsi anga, mayeso a ana a sukulu ndi zithunzi, ntchito imene ndinaigwira kale mwezi wathawu. Asayimenti ndinapereka mochedwa, nditaichitira pa kompyuta yobwereka.

Tiyeni tiwerengerane. K40,000 ya Windows yolakwika. K15,000 ya antivirus yochiza matenda amene kulibe. K6,500 ya bandulo. Minibasi K2,000 kupita, K2,000 kubwerera, maulendo atatu, K12,000. Zonse pamodzi K73,500, pa malipiro a mphunzitsi. Ya minibasi ndi bandulo ndaisiya, koma K55,000 imene inalowa m'kabati mwanu ndikuifuna yonse. Musandiuze zoti ndibweretse laputopu mukonzenso mwaulere. Mnyamata ameneyo sadzaigwiranso. Chimene ndikufuna kwa iye ndi kupepesa, pakauntala pomwe paja anandinyozera, anthu akumva.

Inu amene mukuwerenga, ngati munafomatitsa kompyuta m'mashopu a mutauni muno ndipo pulogalamu ina ikukana kulowa, musathamangire kulipira za vairasi. Yang'anani kaye System type. Ndikukhulupirira kuti si ine ndekha, chifukwa fulashi imene anaikira Windows yanga ndi yomweyo imene ndinaiona akuibaya pa laputopu ya bambo wina tsiku lomwelo. Ophunzira angati auzidwa kuti makompyuta awo akalamba, n'kugula ena pashelefu panu?

Bwana, Loweruka likubwerali ndifika 10 koloko m'mawa ndi marisiti onse awiri komanso chithunzi cha System type. Ndikachoka chimanjamanja, Lolemba dandaulo langa lipita ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, ndipo dzina la shopu yanu ndilemba pano komanso m'magulu onse a aphunzitsi amene ndilimo, kuyambira ku Domasi mpaka ku Thondwe.