Phala la mwana likhale la mgaiwa kapena la chimanga chonyika? Tithandizeni

Okondedwa Alangizi,

Ndife gulu la anthu odzipereka amene timayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa za kadyedwe m'midzi ina ya m'boma la Mchinji. Kuno mtedza ndi soya anthu amalima okha, nkhwani ndi bonongwe zili kuseri kwa nyumba iliyonse, koma kusikelo ana opinimbira sasowa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Nkhani yathu ili pa mbale imodzi yokha, ya phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6 ndipo wayamba kudya akuyamwabe. Tikuopa kuti mwina zina zimene tikuphunzitsa zikuvulaza ana omwe tikufuna kuwathandiza.

Uthenga umene aliyense anauloweza ndi wakuti ufa woyera ndi wongokhutitsa, phala likhale la mgaiwa. Chifukwa chake tikuchimvetsa. Chimanga chikakonoledwa, gaga amachoka pamodzi ndi mtima wa njere, mmene muli mafuta ndi mavitamini a gulu la B. Mphale ikagonanso m'madzi masiku atatu kapena anayi, zina zotsalazo zimapita ndi madzi otayidwa aja. Pamenepa sitikutsutsa.

Chimene chikutisowetsa mtendere ndi chuku. Poizoni wake, amene akatswiri amamutchula kuti aflatoxin, ndi mnzake fumonisin, amachuluka kukhungu la njere komanso m'njere zosweka, zofumbwa ndi zosintha mtundu. Nthawi zina saoneka ndi maso, ndipo kuwiritsa phala kapena kukazinga sikumuthetsa. Kafukufuku wochitika kuno ku Malawi komwe anaonetsa kuti kusankha njere, kukonola ndi kunyika kumachepetsa kwambiri poizoniyu. Ndiye kuti agogo aja, pokonola, kupeta ndi kunyika, ankataya zakudya zina zofunika m'thupi, inde, koma ankatayanso poizoni. Taganizirani mayi amene watimvera bwinobwino. Mu Januwale akukokota chimanga cha pansi pa nkhokwe, chija chinalowa chinyontho, akuchithira m'ndowa osasankha n'kupita nacho kuchigayo kuti amugayire mgaiwa. Ufa umenewo uli ndi gaga yense ndi chuku chake chomwe, ndipo woyamba kuulawa m'mawa ndi mwana wa miyezi 8. Tikamuuza kuti ataye njere zowola amatiyang'ana kumaso, chifukwa m'miyezi ya njala palibe amene amataya chimanga.

Pali chinanso chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Mu mtima wa njere ndi m'gaga muli chinthu chotchedwa phytate, chimene chimagwira ayironi ndi zinki kuti thupi lisazilandire bwino. Ufa wa mgaiwa uli ndi ayironi wambiri kuposa ufa woyera, koma wochuluka amangodutsa m'mimba. Pofuna kuchepetsa zimenezi timaphunzitsa kuviika ufa: kapu imodzi ya mgaiwa m'makapu anayi a madzi aukhondo, ukhale ola limodzi, ufa ukakhazikika pansi n'kutsanula madzi a pamwamba, kenako kuphika. Koma kumeneku n'kunyika komwe kuja kwabwereranso pakhomo lina, ndipo madzi otsanulidwawo amatenganso mavitamini ena. Amayi akatifunsa kusiyana kwake ndi zimene apongozi awo ankachita, yankho lokhutiritsa timalisowa.

Kuti mutiwongolere bwino, nawu ufa umene timaphunzitsa panopa. Makapu anayi a chimanga chosankhidwa ndi manja pa lichero, kapu imodzi ya soya. Soyayo sitimuviika m'madzi ozizira, chifukwa akatero amatulutsa fungo limene ana amalikana. Timamuthira pang'onopang'ono m'madzi owira kale kuti asasiye kuwira, awire mphindi 30, kenako kumutsuka n'kumufikisa m'manja kuti makoko achoke, kumuyanika mpaka aume gwa, ndiye kugayitsa pamodzi ndi chimanga. Cholakwika chimene timachiona kwambiri ndi kugayitsa soya wosaphika, mwana n'kumatupidwa ndi kutsekula m'mimba, banja n'kugamula kuti soya samuyanja. Phala likatsala pang'ono kupsa timawonjezera sipuni imodzi ya nsinjiro, kasipuni ka ufa wa usipa wokazinga ndi kusinja ndi mitu ndi minga yomwe, masamba ophika osinja sipuni imodzi, ndi kasipuni ka mafuta ophikira. Masiku ena m'malo mwa masamba timaikamo mbatata yofiira m'kati yophika ndi kukanya, monga Kadyaubwerere kapena Zondeni, kapenanso dzungu.

Nsinjirozo nazo zili ndi nkhawa yake. Mtedza wabwino umapita kumsika, wofota ndi wosweka ndi umene umatsala pakhomo kuti usinjidwe, ndipo ambiri amawaza madzi pa makoko kuti kuswa kusavute, zomwe zimaitana chuku. Apa sitikayika: timaletsa kuwaza madzi, ndipo timanena kuti mtedza wa mwana usankhidwe poyamba, wogulitsa pambuyo.

Pamene tagawanika kwenikweni m'gulu mwathu ndi pa chimera. Phala la ana ambiri ndi lamadzimadzi, lomwera m'kapu, chifukwa mayi amaopa kuti lolimba limutsamwa mwana. Koma kamimba ka mwana wa miyezi 9 n'kakang'ono, kamadzaza msanga, ndipo ngati phalalo ndi madzi okhaokha, mwana amakhuta asanadye kanthu. Phala loyenera ndi limene silitsika msanga ukapendeketsa sipuni. Chimera chimathetsa mkangano umenewu mochititsa chidwi. Phikani phala lolimba ndithu, la ufa wambiri, liphuleni lizizire pang'ono, thiranimo kasipuni kamodzi kapena tiwiri ta ufa wa chimera n'kutakasa. Pakapita mphindi zochepa phala lija limasungunuka lokha popanda kuwonjezera dontho la madzi, ndipo limatsekemera pang'ono. Kenako libwerere pamoto liwire kachiwiri, chifukwa chimeracho chinali chosaphika. Mwana amameza mosavuta koma wadya ufa wochuluka. Nzeru imeneyi ndi ya ophika thobwa, si yachilendo.

Ena mwa ife akuti tiziphunzitsa zimenezi paliponse. Ena akukana, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Chimera chimapangidwa poviika njere usiku umodzi n'kuzifunditsa ndi thumba lonyowa masiku awiri kapena atatu mpaka zimere, ndipo kutentha ndi chinyontho chimenecho ndi zomwe chuku chimafuna. Chikayanikidwa mochedwa m'nyengo ya mvula chimachita nkhungu. Mapira akamera, timizu ndi timphukira take timakhala ndi poizoni wofanana ndi wa chinangwa chowawa, moti tiyenera kufikisidwa n'kupetedwa tonse chimera chikauma. Mayi wotanganidwa ndi kupalira angakumbukire zonsezi? Palinso mabanja amene safuna chimera m'nyumba mwawo poti amachidziwa ngati chopangira mowa.

Za ndiwo zamasamba titchule mwachidule, poti nazonso zimalowa m'phalamo. Soda ndi chidulo zimafewetsa nkhwani msanga ndipo zimasunga nkhuni, koma zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a B. Timalangiza kudula masamba atatsukidwa kale, kuwathira m'madzi ochepa owira, kuvundikira ndi kuphula akadali obiriwira. Chigwada chokha n'chimene chimafuna kusinjidwa ndi kuwira nthawi yaitali chosavundikira. Pa nkhwani ambiri amamva, koma pa therere talephera, chifukwa therere lopanda soda amati si therere. Mfutso timati uviikidwe m'madzi owira mphindi zochepa ndi kuyanikidwa pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa lachindunji limawononga vitamini A, koma pafupifupi aliyense amayanikabe padzuwa pamphasa poopa kuti pamthunzi uvunda.

Tsopano mafunso athu ndi awa. Ngati banja lilibe chimanga china kupatula chokayikitsa chija, chabwino kwa mwana n'chiti: mgaiwa wa njere zosankhidwa ndi manja, kapena ufa wa chimanga chokonola ndi kunyika koma wolemeretsedwa ndi soya, usipa ndi mafuta? Ife ambiri tikupendekera ku ufa wonyikawo, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, koma tikuopa kutsutsana ndi zimene amayi amamva kusikelo, chifukwa uthenga ukakhala pawiri anthu amasiya zonse. Nanga kukonola kokha popanda kunyika, kuja ena amati gramilu, kungakhale pakati pabwino? Pa chimera, kodi tichiphunzitse, ndipo ngati n'choncho chikhale cha chimanga, cha mawere kapena cha mapira, chisungidwe nthawi yaitali bwanji chikagayidwa? Ndipo ngati soda sangachoke m'therere, kodi kupatsa mwana magwafa, papaya kapena madzi a malambe pa chakudya chomwecho kungabwezere vitamini C amene watayika?

Ngati mungathe kufunsa akatswiri a za kadyedwe ku Bunda kapena ku Unduna wa Zaumoyo m'malo mwathu, tithokoza kwambiri. Tikufuna yankho lisanafike dzinja, chimanga chisanayambe kutha m'nkhokwe, kuti tikonze maphunziro a amayi nthawi ikadalipo.

Ife anu,
Odzipereka pa za kadyedwe,
Mchinji