Musatseke phiri la Mulanje lonse

Akonzi,

Moto ukawononga nkhalango, ena amathamangira kunena kuti anthu onse aletsedwe kulowamo. Pa phiri la Mulanje chiletso chotere chingapweteke otsogolera alendo ndi onyamula katundu a ku Likhubula, pomwe odula mkungudza mozemba sadutsa n'komwe pachipata. Njira zikasowa oyendamo, sipakhalanso wowaona akubawo.

Nthambi ya Zankhalango ikhwimitse pomwe pali vuto. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, udzu utauma, moto uzikolezedwa m'nyumba zogona alendo zokha, monga ku Chambe ndi Lichenya. Njira zotchinga moto zilambulidwe mu Meyi ndi Juni, udzu usanaumitsitse. Malo obzalamo mbande za mkungudza ndiwo atsekedwe ndithu, chifukwa kamtengo kakang'ono kamafa ndi moto umodzi wokha. Aliyense wokwera alembetse dzina lake ndi njira yomwe adutse.

Okonda nkhalango,
Mulanje