Chilengezo kwa mamembala onse a kalabu ya alimi

Abambo ndi amayi, tikumana Loweruka likudzali 9 koloko m'mawa, pamalo athu a nthawi zonse. Tikufuna tigwirizane mfundo zoti tiwapatse aphungu athu asanapite ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, poti chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo.

Nkhani yaikulu ndi mitengo. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma mavenda amatigulabe motsika, ena ndi sikelo zobera. Amawalanga ndani? Pamenepa tikambirane mozama. Tikhudzanso za feteleza wotsika mtengo, kuti azifika mvula isanagwe, komanso za mbewu zachinyengo, chimanga wamba chopaka utoto chija.

Amene muli ndi malisiti kapena mapaketi a mbewu zomwe sizinamere, mubwere nawo. Chonde tisunge nthawi.

Mlembi wa kalabu