Andilandira, Thoko, koma kalatayo ili ndi tsamba lachiwiri

Wokondedwa Thoko,

Kalata yako yafika, ndipo ndaona kuti theka lake ndi londikalipira kuti sindilemba. Iwe amene unasamuka nyumba osauza munthu, mpaka tinamvera kwa Lusayo, lero ndiwe wondiphunzitsa kulemba makalata? Ndakukhululukira chifukwa cha chithunzi cha mwana chija. Mphuno ndi ya bambo ake, usadzinamize.

Zimene wamva kwa Mphatso n'zoona. Andilandira ku sukulu ya udokotala. Koma Mphatso anangowerenga ndime yoyamba n'kuthamangira foni, tsamba lachiwiri sanalitsegule n'komwe. Patsamba limenelo ndi pamene pali nkhani. Malo andisungira, inde, koma ndi anga pokhapokha nditakwaniritsa zonse zimene alemba lisanafike tsiku limene aika. Ndikalephera chimodzi, malowo apatsa wina, poti alipo ambiri amene akudikirira pamzere. Choncho anthu akamandigwira chanza n'kumati "adokotala", mtima umangoti phaa. Sindinalowe ayi, ndaima pakhomo.

Chimene chikundisowetsa tulo si mayeso, ndi katemera wa matenda a chiwindi, hepatitis B. Usaseke. Ana amene ndikaphunzire nawo ambiri anabayidwa ali makanda, chifukwa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 1992 kuti mayiko onse aike katemerayu pa ndondomeko ya ana. Iwo angofunsa mayi awo khadi, n'kujambulitsa, basi zatha. Ife tinabadwa zimenezi zisanafike. Ndiye munthu wamkulu ngati ine ndiyenera kuyamba pachiyambi: jakisoni woyamba, wachiwiri pakapita mwezi umodzi, wachitatu pakapita miyezi 6 chibayireni woyamba. Ukatero sunamalize. Udikirenso mwezi umodzi kapena iwiri, akutenge magazi aone ngati thupi lapanga asilikali okwanira. Pamafunika kuti nambala ya asilikaliwo ifike pa 10 kapena kuposa. Werengera wekha, Thoko, imeneyo ndi miyezi 7 kapena 8, ndipo palibe khama limene lingaifupikitse. Phunziro lovuta ukhoza kulichezera usiku. Thupi silichezereredwa.

Ndinayamba kubayitsa kalata itangofika, ndipo zonse zikayenda bwino zotsatira za magazi zituluka tsiku lomaliza lili pafupi kwambiri. Namwino amene akundibaya anandiuza mosabisa kuti mwa akuluakulu athanzi osakwana zaka 40, oposa 90 pa 100 alionse thupi lawo limayankha bwino akamaliza majakisoni atatuwo, koma ukadutsa zaka 40 mwayi umayamba kutsika. Ine 40 ndinadutsa. Thupi likakana, amakubayanso, mwina kubwereza majakisoni onse, n'kuyezanso magazi. Ananditchulira mtundu wina wa katemerayu, Heplisav-B, wa majakisoni awiri okha otalikirana mwezi umodzi, koma pamene ndikubayitsa alibe. Usiku ndimagona chagada n'kumawerengera miyezi pa zala, kuyambira kutsogolo kubwerera m'mbuyo, mwina ingasinthe. Bambo a Tadala afika potopa nazo. Akuti ndisiye kulankhula za chiwindi nyali ikazima.

Komatu sindikuida sukuluyo pa zimenezi. Akulondola. Wophunzira udokotala amagwira masingano manja asanazolowere. Ukadzibaya ndi singano imene yachoka mwa munthu wodwala hepatitis B, ulibe katemera, mwayi wotenga matendawo ukhoza kufika 30 pa 100. Pa HIV, imene tonse timaiopa kwambiri, ndi pafupifupi 3 pa 1,000. Ndikanakhala ine mkulu wa sukuluyo, lamulo limeneli sindikanalifewetsa. Chimene chimandipweteka n'chakuti mndandanda wonsewo anaulemba akuganizira mwana amene wangomaliza kumene digiri, mapepala ake onse ali m'chikwama chimodzi kwa makolo ake. Kwa ife akuluakulu mzere uliwonse umakutumiza kukakumba zaka 20 zapitazo.

Khadi langa la katemera wa ubwana palibe akudziwa komwe lili. Mayi akanakhalapo akanangolowa kuchipinda n'kutuluka nalo, ukudziwa mmene ankasungira mapepala. Ndinaimbira achemwali, tinayamba ndi za khadi, tinamaliza tonse tikulira. Chaka chino mayi ndawasowa kuposa chaka chimene anatisiya, Thoko. Iwo ndi amene ankanena ndili mwana kuti ndili ndi manja a chipatala, ndipo kalata iyi sadzaiona.

Poti khadi palibe, za chikuku, matsagwidi, rubella ndi katsabola anandiyeza magazi kuti aone ngati chitetezo chilipo. Cha katsabola chilipo chambiri, si ukukumbuka tinadwalira limodzi, iwe ukudzikanda mpaka chipsera cha pachipumi chimene umanamiza anthu kuti unagwa panjinga. Wa kafumbata anandibaya watsopano, poti ameneyu amafuna kubwereza zaka 10 zilizonse.

Za chifuwa chachikulu nazo zinandiopseza. Poyeza, amakubaya timadzi pang'ono mkati mwa khungu la pamkono, n'kukuuza kuti ubwerenso pakati pa maola 48 ndi 72. Panga panatupa. Namwino anayendetsa nsonga ya cholembera pakhungu kuchokera mbali iyi mpaka pamene yakakamira, n'kuteronso mbali inayo, kenako anaika karula kakang'ono pakati pa timizere tiwirito n'kuwerenga mamilimita. Sanayeze kufiira ayi, anayeza kuuma kokha. Ine thukuta kamukamu. Kenako anandiuza kuti ndikweze mkono wa malaya, anaona chipsera cha BCG, katemera wa chifuwa chachikulu wa ubwana uja, n'kunena kuti katemera ameneyu nthawi zina amatupitsa malowo munthu alibe matenda. Ananditumiza kukayezetsa magazi, mayeso otchedwa IGRA amene BCG sawasokoneza, ndi kukajambulitsa chifuwa. Zonse zatuluka bwino. Chimodzi chachoka.

 

Tsopano mapepala a magiredi. Sukuluyo silandira pepala lochokera m'manja mwanga, ngakhale lenilenilo la chidindo. Ikufuna kuti koleji yanga yakale itumize yokha. Kolejiyo inasintha kasungidwe ka mafayilo, a nthawi yathu sali pa kompyuta, ali m'makatoni kuchipinda chimene makiyi ake amasunga munthu mmodzi, ndipo munthuyo nthawi zonse "wangotuluka kumene". Atalipeza fayilo, dzina la pamenepo ndi la kwa bambo anga, pamene pa fomu yofunsira malo pali la kubanja. Ndiye ndakalumbira pamaso pa loya kuti anthu awiriwa ndine ndemwe, n'kuphatikizapo kalata ya ukwati. Kupolisinso, potenga zidindo za zala kuti aone ngati ndinapalamulapo mlandu, anafuna mayina onse awiri ndi malo onse amene ndakhalako. Mwana wa zaka 22 amalemba mzere umodzi. Ine pepala linachepa.

Chachikulu pa maphunziro n'chakuti sayansi yanga akuti yakalamba. Biology ndi chemistry ya poyamba aivomera, koma biochemistry akufuna yatsopano, ya labu yomwe, ndipo ndikhoze osatsika pa giredi imene aika. Ndiye ndikaweruka kuntchito ndimathamangira kalasi ya madzulo. Ndimagwira ntchito ya mu labu ndi kamtsikana kena kamene kamanditchula kuti anti. Manja ake ndi achangu, pipette, kachubu koyezera timadzi, amaigwira osayang'ana n'komwe. Ine ndimachedwa, koma ndimawerenga malangizo mpaka pansi ndisanakhudze botolo, ndipo taona kuti tikaphatikiza ziwirizi zotsatira zathu zimatuluka zoyera. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chimene ndikuvutikira chonsecho ntchito ndili nayo kale. Ndinamuuza za usiku umene tinagona pabenchi ndi mayi tikudikirira dokotala mmodzi amene ankathamanga pakati pa mawodi atatu. Sanayankhe, koma kuyambira pamenepo amanditumizira manotsi ndikachedwa.

Ma amino acid onse 20, tizidutswa timene timapanga mapuloteni, ndawalemba pa timakhadi, Tadala ndiye amandifunsa, ndipo salola kuti ndidumphe ngakhale kamodzi. Krebs cycle, ija Hans Krebs anafotokoza mu 1937, ndaimata pachitseko cha kuchipinda, masitepe onse 8. Chodabwitsa n'chakuti panopa ndikuimva. Kale tinkangoloweza kuti mayeso adutse. Lero ndikamaona mmene selo limatulutsira mphamvu mu shuga, ndimaganiza za matenda a mayi, ndipo zimakhazikika m'mutu. Phunziro ili sindikuliopa kwenikweni. Kutopa ndi kumene ndikuopa.

Satifiketi ya chithandizo choyamba ndatenga. Amakugwaditsa pambali pa chidole, manja onse awiri pakati pa chifuwa, kukanikiza ka 30 n'kuuzira mpweya kawiri, liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi, chifuwa chizilowa masentimita 5. Ndinakukumbuka, iwe wokomoka ukaona magazi a nkhuku, ndinati Thoko akanakhala pano bwenzi tikuyeserera pa iye.

Nkhani imene sindinauze aliyense kupatula bambo a Tadala ndi ya ntchito. Kuti ndichoke bwino ndiyenera kupereka notisi nthawi ikadalipo. Koma nthawi yopereka notisiyo ifika zotsatira za magazi zisanatuluke. Ndikapereka, magazi n'kukana, ndiye kuti ntchito ndataya, sukulu ndataya, ana awiri ali pasukulu. Ndikadikira, ndichoka mothawa pamalo pamene andisunga bwino zaka zonsezi, ndipo sindikufuna kutero. Ndalama yosungitsira malo ndalipira kale. Bambo a Tadala akuti ndipereke notisi, tidzaona konko. Amanena ndi mtima wonse, koma ndawapeza usiku ali ndi cholembera akuwerengera malipiro awo okha, ndipo atandiona anatembenuza pepalalo.

Ndalembera ofesi yolandira ophunzira kufunsa ngati angandilole kuyamba makalasi majakisoni atatu atakwana, zotsatira za magazi n'kubwera pambuyo ndisanayambe kukhudza odwala. Sukulu zina zimalola zotero, zina zimakuuza kuti usunthire malo ako chaka chamawa. Chaka chimodzi kwa mwana si kanthu. Kwa ine ndi chaka chochotsedwa pa zaka zochepa zimene ndidzagwire ntchitoyo, poti maphunziro enieniwo ndi aatali, ndipo ukamaliza palinso zaka zogwira pansi pa madokotala akuluakulu. Sanayankhebe. Foni ikalira ndimadzidzimuka.

Usauze Lusayo za notisi, ukumudziwa pakamwa pake. Ndipo undifunsire kwa mlamu wako namwino uja, si paja unati iyenso thupi linakana ulendo woyamba? Anamubaya jakisoni mmodzi wowonjezera kapena anabwereza onse, ndipo anadikira nthawi yaitali bwanji asanamuyezenso? Undiyankhe pafoni, usadikire kalata, ndikukudziwa iwe. Pepala latha, maso akulemera, mawa ndili ndi lipoti la labu loti ndipereke. Ndimafuna ndikuuzenso zimene anandiyankha apongozi nditawauza kuti ndikubwerera kusukulu, koma zimenezo zidikire kalata ina.

Ndine mnzako,
Tiya