Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: zala zikuda zokha, tiyezeni magazi

Olemekezeka a Nduna,

Nkhani ndikulemberaniyi mwina ku Capital Hill sinafikepo poti siipha anthu mwaunyinji ngati kolera, koma ikutisowetsa mtendere azimayi ambiri amene tadutsa zaka 40 ndi 50. Chala chimangoyamba kuwawa mwadzidzidzi ngati chalumidwa ndi mavu, kenako chimatupa n'kuda bii chakuchikhathoku, pomwe sunamenyetse paliponse, mwina umangofinya zovala kapena kunyamula ndowa basi. Pakapita masiku chimabwerera mwakale, mwezi wina chayambanso china. Ine ndimakhala nazo zimenezi, ndiye ikafika June ndi July chiperoni chikuwomba kuno ku Thyolo zala zimazizira n'kuchita dzanzi moti olo kumanga batani la bulauzi imakhala ntchito.

Vutoli madokotala amalidziwa. Dokotala wa ku Germany Walter Achenbach analifotokoza mu 1958, kamtsempha kakang'ono kamaphulika mkati mwa chala magazi n'kutayikira pansi pa khungu, kawirikawiri chala chamkombaphala kapena chapakati, nsonga yake yokha imatsala bwinobwino. Limagwira kwambiri azimayi achikulire, silowopsa, ndipo limatha lokha. Kuzizira ndi dzanzi lija ndi vuto lina, analifotokoza Maurice Raynaud wa ku France mu 1862, timitsempha ta m'zala timafinyika kukazizira magazi osafika bwino.

Koma a Nduna, kuti munthu auzidwe kuti zako sizoopsa akuyenera ayezedwe kaye, apa ndi pomwe pali dandaulo langa. Kuda kwa khungu popanda kuvulala kumabweranso ma platelet akachepa, tizigawo ta magazi tija timathandiza kuti magazi aundane, ndipo amatha kuchepa chifukwa cha malungo, HIV, ngakhale khansa ya m'magazi. Amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana msanga, chifukwa cha mtima zimawachitikiranso mankhwala akachuluka mthupi. Wa shuga kapena wosuta fodya mitsempha yake imatha kutsekeka pang'onopang'ono, chala chakuphazi kapena chakumanja n'kuda osabwereranso, ameneyo akachedwa amadulidwa. Zala zozizira zija kwa ena ndi chiyambi cha lupus kapena scleroderma, matenda amene chitetezo cha mthupi chimalimbana ndi thupi lomwelo. Munthu wamba ungasiyanitse bwanji zonsezi uli pakhonde pako? Sungathe. Chimene chimayamba kusiyanitsa ndi kuyeza kwa magazi kuja amati full blood count, ndi dokotala woti agwire dzanja lako, amve kugunda kwa mtsempha, akufunse mankhwala amene ukumwa.

Ine kuchipatala china chaching'ono anangoyang'ana chala chapatali n'kundilembera Panado ndi bufeni, m'buku langa lakuchipatala analembamo kuti kuphwanya kwa thupi. Bufeniyo kwa munthu amene ma platelet ake ndi ochepa amaonjezera kutaya magazi, ndiye kupereka usanayeze ndi kuika moyo wa munthu pachiswe. Sindikuwada achipatala aja ayi, mzere unali wautali mpaka panja, makina oyezera magazi panalibe, ndipo ndikukhulupirira kuti zimene ndinawaonetsa sanaziphunzirepo pa khungu ngati langa. Zithunzi zambiri za m'mabuku a udokotala ndi za manja a azungu, pomwe chala chimaoneka buluu kapena choyera mbee. Pa ife chimangoda kapena kutuwa, ndiye ukamafika kutsogolo kwa mzere patapita masiku awiri chayamba kale kuzilala, umaoneka ngati wabodza.

Tsono chipatala chikapanda kunena kanthu, kumudzi amanena. Amati afiti akumakutsina usiku. Ena amathamangira kwa asing'anga kukatemera mphini, tangoganizani lezala pa chala choti magazi sakuyenda bwino, kapena pa munthu amene magazi ake saundana msanga. Choipitsitsa n'choti mfitiyo amayenera apezeke, ndipo amene amalozedwa ndi agogo osauka okhala okha kumapeto kwa mudzi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma tonse tikudziwa kuti okalamba akumenyedwabe, ena kuphedwa kumene, pa nkhani zoyambira pa matenda amene palibe anawafotokoza. Zimandiwawa kwambiri kuti kamtsempha kophulika m'chala changa kangathe kugwetsera nyumba ya munthu wosalakwa.

Sindikupempha chipatala chatsopano. Ndikupempha kuti makina a full blood count m'zipatala za maboma azikhala ndi mankhwala ake chaka chonse, chifukwa kutumiza mayi ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu pa kuyeza kotere ndi kumuuza kuti asapite, thiransipoti yake aitenga kuti? Ndikupemphanso kuti a KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences) ndi a Malawi College of Health Sciences asonkhanitse zithunzi za manja athu akuda, odwala atavomera, ma clinical officer ndi anamwino aziphunzira pa zimenezo. Wodwala akabwera ndi chithunzi chomwe anajambula pa foni tsiku lomwe chala chinada, achiyang'ane, asamuseke. Ndipo akapeza kuti ndi Achenbach kapena Raynaud alembe dzinalo m'buku, kuti tikapita kwina tisamayambirenso pachiyambi, komanso tikhale n'choonetsa achibale akayamba zoloza anthu.

Alangizi a zaumoyo amafika kale m'midzi pa za katemera ndi sikelo ya ana. Apatseni uthenga waufupi woti azinena nyengo yozizira isanafike: zala zizifundidwa, zochapa zidikire dzuwa lituluke, fodya asiyidwe, ndipo chala chikada n'kukhala chozizira osasintha, kapena pakabuka chilonda, kapena magazi akamatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo. Uthenga womwewu upite pa MBC ndi ma wailesi a m'madera, mu Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, mwezi wa May usanathe.

Ine wanu,
Mayi wa ku Thyolo