Mawu amene ndinkatonthozera anzanga lero akundikanika kumeza

Zikomo Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 61, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Ndakhala mkulu wa mpingo kwa zaka 19. Dzina langa ndi la mpingo wanga ndisatchule, chifukwa nkhani ndikubweretsayi sindinaitulepo ngakhale kwa abusa athu. Mkulu wa mpingo ali ngati kachere wa pabwalo la mfumu. Aliyense amadzakhala pamthunzi pake, koma palibe amene amasuzumira kumizu kuti aone ngati chiswe chalowa.

Mu Ogasiti 2024 mayi a kunyumba kwanga anagwa pabwalo akusesa m'mamawa. Tsache lili poteropo, iwo ali gada, kukamwa kutapotokera mbali imodzi. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Anatifotokozera kuti BP yawo inakhala yokwera kwa nthawi yaitali osadziwika, mpaka mtsempha wa magazi unatsekeka mu ubongo mbali ya kumanzere, n'chifukwa chake mbali ya kumanja ya thupi ndiyo inafa, ndipo mawu anapitira pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndimawasambitsa ndine, kuwatembenuza usiku kuti asachite zilonda, kuwadyetsa phala ndi supuni. Mafizo timapita tikapeza ya galimoto, poti munthu wotere sungamukweze pa kabaza. Penshoni yanga inali itafooka kale pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye matewera a akuluakulu okha amaimaliza mwezi usanafike pakati. Koma sindikulemba kuti mundipemphere thandizo kwa akufuna kwabwino, ayi. Za ndalamazo ana akuyesetsa.

Chimene chandisowetsa tulo ndi pakamwa pangapa.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuima pamaliro ambirimbiri, kuyambira ku Matawale mpaka kwathu cha ku Jali, ndipo ndinali ndi mavesi anga okhazikika ngati mankhwala a m'kabati. Aroma 8:28, wakuti zinthu zonse zimathandizana kuwachitira ubwino iwo okonda Mulungu. Aroma 5, wakuti chisautso chimabala chipiriro. Yakobo 1, wakuti tiziyesa chimwemwe tikagwa m'mayesero. Ndinkawanena mosadodoma, mawu ali tayale, anthu n'kumavomera kuti ameni. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatigwetsera mvula ya masiku angapo osakata ija, kumudzi kwathu chipupa cha zidina chinagwera mwana wa zaka 6 ali mtulo. Abusa sanathe kufika chifukwa cha madzi, ndiye mwambo ndinayendetsa ndine. Titabwerako kumanda ndinalowa pasiwa n'kuwagwira dzanja amake mwanayo, ndikuti: "Mayi, limbani mtima, Mulungu salakwitsa. Pali cholinga." Sanandiyankhe. Anangondiyang'ana, kenako n'kufunda chitenje kumutu. Nthawi imeneyo ndinkati ndi chisoni chabe. Lero ndikamatsuka beseni pakati pa usiku maso aja amandibwerera, ndipo ndazindikira chimene ankanena. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsopano mavesi omwewo ndi amene anthu akundibweretsera ine, ndipo akundiima pakhosi ngati munga wa matemba.

Alamu anga, amene ndi mwini mbumba kuchikazi, iwo sazengereza. Akuti mlongo wawo analodzedwa chifukwa cha mkangano wa dimba la mpunga cha kunyanja ya Chilwa, ndipo akufuna kudzamutenga apite naye kwa sing'anga. Ndinakana, moti pano moni wathu ndi wa pamsewu. Mwana wanga wamkazi amene ali ku Johannesburg anatumiza nambala ya mneneri wina pa WhatsApp. Apa ndivomere tchimo langa, Alangizi: ndinapitako mobisa, ine mkulu wa mpingo. Ndinagona kuphiri usiku wonse m'chisanu chija mukuchidziwa cha Zomba, ndinabzala mbewu ya ndalama imene ndikuchita manyazi kuitchula, n'kubwerako ndi kabotolo ka mafuta. Patatha mwezi palibe chasintha, mneneriyo anati vuto ndi chikhulupiriro changa chochepa, kapena pali tchimo lobisika m'banja lathu. Ndinabwerera kunyumba ndikufufuza moyo wanga wonse ngati munthu wosaka singano m'mchenga, mpaka kukumbukira ndalama ya chitukuko cha sukulu imene ndinabwereka mu 1998 n'kubweza mochedwa.

Abusa athu ndi munthu wofatsa ndipo amabwera kawirikawiri. Iwo za tchimo sanena. Amandikumbutsa Yohane 9, pamene ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, iye kapena makolo ake, Yesu n'kuyankha kuti palibe anachimwa. Amandikumbutsanso anthu 18 aja nsanja ya ku Siloamu inawagwera, pa Luka 13, amene Ambuye anati sanali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Pamenepo mtima umatsikako. Koma akamamaliza amati Mulungu akutiyenga ngati golide pamoto, akutiphunzitsa monga atate aphunzitsa mwana amene amkonda, n'kutsegula Ahebri 12. Apa m'pamene ndimakanika.

Ine ndagwira choko zaka 34, ndipo ndinayamba kale mkwapulo ukuloledwa m'kalasi. Ndinalakwitsapo zambiri, koma sindinayambe ndakwapulapo kamtsikana kofatsa ka kutsogolo n'cholinga choti mnyamata waphokoso wa kumbuyo atengerepo phunziro. Mphunzitsi wotero makolo akanamuthamangitsa tsiku lomwelo. Ndiye ngati phunziroli ndi langa, poti wodzikuza ndi wothamanga pakamwa ndine, n'chifukwa chiyani bolodi lake likhale thupi la mkazi wanga? Ngati phunzirolo ndi lawo, aphunzire chiyani mayi amene ankadzuka 4 koloko kupemphera, amene ankaphikira odwala a m'dera lonse lino, ndipo akaphunzira adzauza ndani, mawu alibe? Funso limeneli silinachokere kwa ine ndekha. Mwana wathu wotsiriza, mnyamata wa zaka 22 amene amandithandiza kuwanyamula amake, anandifunsa tsiku lina tikuyanika zofunda: "Bambo, Mulungu wanuyu akufuna chiyani kwa amayi chimene sanamupatse?" Ndinamukalipira kuti asachite mwano. Kutchalitchi anasiya kupita, ndipo ine ndilibe nkhope yomukakamizira, chifukwa anangonena mokweza zimene ine ndimanong'ona.

Buku la Yobu ndaliwerenga katatu chaka chino, ndipo ndapeza kuti zaka zonsezi ndinkalalikira machaputala awiri oyamba ndi lomaliza basi, pakati ponsepo n'kudumpha. Ndinkakonda kuwerengera mpingo masamu ake: nkhosa 7,000 zinasanduka 14,000, ngamira 3,000 zinasanduka 6,000, anthu n'kumawomba m'manja. Sindinaimepo n'kuganiza kuti ana khumi oyamba aja, amene nyumba inawagwera ndi mphepo yaikulu monga mwana wa kwathu uja, anakhalabe m'manda. Anabadwa ena khumi, inde, koma kholo lililonse likudziwa kuti mwana sabwezeredwa ngati mbuzi ya chipepeso. Ndipo mkazi wa Yobu, amene ndamunyoza paguwa kosawerengeka chifukwa chouza mwamuna wake kuti atukwane Mulungu afe, nayenso anaika ana khumi tsiku limodzi, kenako n'kumasamalira mwamuna wa zilonda thupi lonse. Lero ndikanakumana naye sindikanamudzudzula. Ndikanamupatsa mpando.

China chandidabwitsa. Abwenzi atatu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anayamba bwino: anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osanena kanthu. Zinaipa atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chake. Pamapeto pake Mulungu anakwiyira iwowo, amene ankamuikira kumbuyo, nati sananene zoona za Iye monga ananenera Yobu, yemwe anatemberera tsiku lake lobadwa n'kufuna kukatsutsana ndi Mulungu maso ndi maso. Ndiye ine zaka 19 zonsezi ndakhala ndani, Yobu kapena Elifazi? Ndipo Yobuyo mpaka buku kutha sanauzidwe chifukwa chake. Anangofunsidwa kuti anali kuti pamene dziko linkaikidwa maziko. Masiku ena yankho limeneli limandikwanira, ndikayang'ana phiri lathuli nkhungu itakuta ku Chawe n'kudziona kuchepa kwanga. Masiku ena limandipweteka ngati bwana wokana kuyankha wantchito wake.

Sindikuti ndataya chikhulupiriro. Ndikanakhala nditataya bwenzi zili zophweka, chifukwa munthu sukwiyira amene kulibe. Ndimapempherabe, kungoti pemphero langa lasanduka la Salimo 88, lija limatha ndi mdima popanda aleluya. Ndimaganiza za Paulo amene anapempha katatu kuti munga wa m'thupi uchoke, n'kuuzidwa kuti chisomo chikumukwanira. Ndimaganiza za Yesu amene analira pamanda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa, ndiponso amene pamtanda anafunsa Atate ake kuti amusiyiranji. Chimenechi chokha ndicho chandigwira kuti ndisagwe: kuti amene ndikumudandaulirayo ululu akuudziwa pathupi pake. Koma kunena kuti Iye ali nafe m'masautso ndi kwina, kunena kuti anawatumiza dala kuti atikonze ndi kwinanso. Koyambako ndikukhulupirira. Kwachiwiriko ndi kumene ndakhala ndikuphunzitsa.

Ndikuuzeni chimene chinachitika Lachinayi lina, mwina inu muchimvetsa. Amayi a kumpingo anabwera kudzacheza, atanyamula ufa ndi nkhuni, n'kuyamba nyimbo ya m'buku imene mkazi wanga ankaitsogolera kukwaya. Atafika pakolasi tinangomva mawu ena alowa. Anali iwo, akuimba mawu onse bwinobwino, munthu amene kwa miyezi yambiri sanathe kunena ngakhale "madzi". Amayi aja analulutira, ena kugwada, akuti chozizwitsa. Ine misozi ili chuchuchu. Nyimbo itatha ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Amake ana, tanditchulani dzina." Milomo inagwedera, koma palibe chinatuluka. Wa mafizo anadzandiuza kuti zimenezi zimachitika kwa odwala sitiroko ambiri, chifukwa kuimba kumadutsa njira zina mu ubongo zosiyana ndi za kuyankhula. Ndiye ndisunge chiti? Kuti Mulungu anawasiyira nyimbo, kapena kuti anawalanda dzina langa? Madzulo aliwonse tsopano timaimba awiri, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndimamva mawu a mkazi wanga. Ndimathokoza ndi kukwiya nthawi imodzi, moti sindidziwa ngati pemphero lotero limaloledwa kwa mkulu wa mpingo.

Pano andiika pandandanda kuti ndilalikire mwezi wamawa, ndipo akulu anzanga akuti umboni wanga udzalimbikitsa ambiri, poti amandiona ndikumwetulira pakhomo la tchalitchi. Akuyembekeza ndidzanene kuti matendawa atiyandikizitsa kwa Ambuye. Mwina atiyandikizitsadi, koma ndikadafunsidwa ndikanasankha kukhala patali pang'ono mkazi wanga akuyenda. Ndikanena zimenezi paguwa ndikhumudwitsa ofooka, ndipo ena adzati mkulu wagwa. Ndikanena zimene akufunazo ndidzakhala ndikunama pamaso pa Mulungu, ndiponso pamaso pa mwana wanga ngati atabwera.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi Mkhristu akhoza kunena poyera kuti cholinga cha masautso ake sakuchiona, ndipo mwina sadzachiona, n'kukhalabe woyenera kugawa mgonero? Mnyamata wangayu ndimuyankhe chiyani chimene sichikhala bodza? Nanga mayi a kumudzi aja, ndipite ndikawapepese patatha zaka zonsezi, kapena ndikangotokosa chilonda chimene chinayamba kupola? Kalata yotula pansi udindo ndinalemba kale, ili m'Baibulo langa pa Yobu 3, ndipo Lamulungu lililonse ndimapita nayo n'kubwera nayo.

Ine wanu wothedwa nzeru,
Mkulu wa mpingo,
Chinamwali, Zomba.